Kodi n'koyenera kukumbukira amene anafera nkhondo ya eni ake?

Mayi wina amene amaphunzitsa pasukulu ya pulayimale m'boma la Ntcheu wandilembera imelo yofotokoza kuti agogo awo aamuna anakamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Burma n'kubwerako amoyo, koma mng'ono wawo wa agogowo anatsalira komweko. Funso lawo ndi lakuti, popeza nkhondoyo inali ya atsamunda, kodi pali chifukwa chophunzitsira ana mwambo wa mu Novembala woika nkhata za maluwa pachipilala, kapena ndi bwino kungolimbikira za pa 3 Malichi ndi tsiku la John Chilembwe?

Mayi, funso lanuli Chilembwe yemweyo analifunsa kale. Mu Novembala 1914 iye analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akufera mlandu umene suli wawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana opanda owasamala. Choncho musadzione ngati mukunyoza malemu pofunsa zimenezi. Komabe ine ndikuti aphunzitseni anawo, chifukwa amene timawalira pa tsikuli si ufumu wa Britain ayi, koma ana a m'midzi yathu amene maliro awo sitinawaone.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya chiwaya, sinali yakutali kwa ife, pakuti mu Seputembala 1914 Ajeremani anaukira Karonga ndipo magazi anakhetsedwa panthaka yathu. Amuna pafupifupi 19,000 analowa usilikali wa King's African Rifles, koma chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi nkhani ya atengatenga, anthu pafupifupi 200,000 amene ankasenza ufa, zipolopolo ndi katundu wina pamutu mpaka kukafika m'dziko limene lero ndi Tanzania. Ambiri anachita kugwidwa m'midzi mokakamiza, ndipo chimene chinkawapha kawirikawiri si chipolopolo, koma njala, kamwazi, chibayo ndi kutopa. Iwowa sanavale yunifomu kapena mendulo, ndipo ochuluka anakwiriridwa m'mbali mwa njira popanda wolemba mayina awo. Ife tikaleka kuwatchula, palibenso mtundu wina umene udzawatchule.

Ndinapezekapo chaka china pamwambowu ku Zomba, pachipilala chachitali cha njerwa chimene chili pafupi ndi Cobbe Barracks. Lipenga litalira kuti anthu akhale chete mphindi ziwiri, ndinaona gogo wina wovala jekete yosuluka, mamendulo atawamangirira pachifuwa ndi mapini, akukana dzanja la mdzukulu wake amene ankafuna kuti akhalebe pampando. Anagwira ndodo yake ndi manja onse awiri, miyendo ikunjenjemera, ndipo anaima mpaka lipenga linaliranso. Milomo yake inkagwedera pang'onopang'ono, ndipo ine ndinaganiza kuti akutchula anzake. Anthu amakhala chete chonchi nthawi ya 11 koloko chifukwa ndi pamene mfuti zinaleka kulira ku Ulaya pa 11 Novembala 1918, ngakhale kuti kuno kwathu gulu la Ajeremani linadzagonja pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia.

Musaiwalenso kuti mwambowu suli wa nkhondo zakale zokha. Mu Novembala 2018 asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni ku Democratic Republic of Congo ali pantchito yosungitsa mtendere, ndipo mu Januwale 2025 tinatayanso ena atatu kum'mawa kwa dziko lomwelo. Ana awo alipo, ndipo ena ali m'makalasi ngati lanulo.

Simukusowa kupita ku Zomba kapena kuchipilala cha ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe kuti musunge tsikuli. Sabata yoyandikira Lamulungu lachiwiri la Novembala, atumeni ana akafunse kunyumba ngati pamtundu pawo panali amene anapita kunkhondo, kaya ndi mfuti kaya ndi katundu pamutu, ndipo mayinawo muwalembe pabolodi. Auzeninso kuti magule monga malipenga, mganda ndi beni anatengera maguba a asilikali omwewo. Pamwamba pa mayina onsewo muyambe ndi la agogo anu aang'ono amene anatsalira ku Burma, ndipo mulitchule mokweza ana onse ataimirira.