Msilikali wa siliva wa ku Norwich: chizindikiro cha Anglia Television ndi mmene chinazimiririra

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Peterborough ku England wandilembera pa imelo. Akuti agogo ena amene amawasamalira anamuonetsa kanema wakale momwe muli chiboliboli cha msilikali wokwera pa hatchi chikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo nyimbo yake itangoyamba, nkhope zawo zinawala ngati aona m'bale wawo amene anasiyana naye kalekale. Akufuna kudziwa kuti chibolibolicho chinali cha chiyani, komanso chifukwa chake sichionekanso pamene nkhani za madzulo za m'dera lawo zimatchulabe dzina lakuti Anglia.

Mayi, chimene munaonacho chinali chizindikiro cha Anglia Television, kampani imene inayamba kuulutsa mapulogalamu a pa kanema pa 27 October 1959 kuchokera mumzinda wa Norwich, kum'mawa kwa England. Kuti mumvetse kulemera kwake, muyenera kudziwa kuti ITV imene mumaonera lero sinabadwe ngati kampani imodzi. Pamene wailesi yakanema yodalira otsatsa malonda inkayamba ku Britain mu 1955, dziko linagawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chinapatsidwa kampani yake yokhala ndi chiphaso chake, nyumba zake zojambuliramo ndi antchito ake. Granada inali ku Manchester, Tyne Tees ku Newcastle, ndipo Anglia inatenga kum'mawa. Makampaniwa ankagulitsana mapulogalamu, choncho aliyense ankafunika kusainira ntchito yake kuti woonera adziwe kumene yachokera.

Masiku amenewo kunalibe kachizindikiro kakang'ono kamene timakaona lero pakona ya kanema nthawi yonse imene pulogalamu ikuonetsedwa. Chizindikiro chinkadzaza kanema yense kwa masekondi angapo pulogalamu isanayambe, chinali ndi nyimbo yake, ndipo chinkabwereranso kumapeto. Munthu amene ali kukhitchini ankadziwa ndi khutu lokha kuti pulogalamu ikubwerayo yapangidwa ndi ndani.

Makampani ambiri anasankha zilembo kapena zojambula zosavuta, koma Anglia inasankha chinthu chenicheni chogwirika ndi manja. Chibolibolicho ndi cha siliva, chimalemera makilogalamu pafupifupi 22, ndipo chinasulidwa mu 1850 molamulidwa ndi Mfumu William III ya dziko la Netherlands kuti chikhale mphoto ya pa mpikisano wa masewera. Akuluakulu a kampaniyo anachipeza m'sitolo ya Asprey pa msewu wa Bond Street ku London, ndipo pa kambendera ka kunsonga ya mkondo wa msilikaliyo analembapo dzina lakuti Anglia. Nyimbo imene inkatsagana nacho inatengedwa mu Water Music ya wopeka nyimbo Handel, ndipo anaikonzanso ndi Sir Malcolm Sargent.

Apa pali chinthu chimene chimandichititsa chidwi kwambiri. Mphotoyo inapangidwira mfumu ya dziko lina, wopeka nyimboyo anabadwira ku Germany, ndipo nyimboyo inayamba kuimbidwa pa mtsinje wa Thames mu 1717. Palibe chilichonse mwa zimenezi chimene chinachokera ku Norfolk kapena ku Suffolk, madera a m'chigawo cha Anglia. Komabe anthu a kumeneko anachilandira ngati chawo, chifukwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zoposa 28 chinkatsogolera nkhani za m'midzi yawo, za ulimi wawo ndi za nyengo ya kugombe lawo. Chinkaonekanso m'dziko lonse patsogolo pa mapulogalamu monga Sale of the Century ndi Survival, pulogalamu ya nyama zakutchire imene inayamba mu 1961 ndipo mbali zake zambiri zinajambulidwa muno mu Africa. Dera la alimi ndi asodzi limene anthu a ku London sankaliwerengera linali ndi nkhope imene dziko lonse linkaidziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti kunyadira kumeneko ndiko munakuona pa nkhope za agogo anuwo.

Msilikaliyo anachotsedwa mu March 1988. Nthawi imeneyo zithunzi zojambulidwa pa kompyuta zinali zitayamba kulamulira, makamaka kuchokera pamene wailesi yakanema ya Channel 4 inabwera mu 1982 ndi chizindikiro cha tizidutswa tamitundumitundu touluka n'kupanga nambala 4. Anglia inapita kwa kampani yomweyo imene inapanga chizindikiro chimenecho, ya Lambie-Nairn, ndipo inapatsidwa mbendera yokupiza yokhala ndi tizidutswa ta makona atatu topanga chilembo cha A. Anthu ambiri anadandaula. Ine ndimaona kuti kusinthaku kunali komveka, pakuti kampani yodalira otsatsa malonda sikanafuna kumaoneka ngati yotsalira, ndipo mbenderayo inasunga fungo la zizindikiro za mafuko akale zimene msilikaliyo ankaimira. Chofunika koposa nchakuti chisankhocho chinapangidwa ndi Anglia yokha. Umboni wake ndi wakuti mu 1989, pamene ITV inakonza maonekedwe amodzi oti makampani onse azigwiritsa ntchito, Anglia inali imodzi mwa makampani amene anakana, ndipo inapitiriza ndi mbendera yake.

Chimene chinapha chizindikirochi ndi kusintha kwa eni. Lamulo la zoulutsa mawu la 1990 ndi kufewetsa kwa malamulo kumene kunatsatira zinatsegula khomo lakuti makampani a m'zigawo azigulana. Mu 1994 Anglia inagulidwa ndi kampani ya MAI, imene mu 1996 inaphatikizana ndi United Newspapers, ndipo mu 2000 inagwera m'manja mwa Granada. Pofika November 1999 chilembo cha A chinali chitaikidwa kale m'maonekedwe a mitima amene makampani ambiri a ITV ankagwiritsa ntchito limodzi, ndipo mbendera yokupiza ija inasiya kutsogolera mapulogalamu. Pa 28 October 2002, tsiku limodzi chabe Anglia itakwanitsa zaka 43, mayina a zigawo za ku England anachotsedwa patsogolo pa mapulogalamu a dziko lonse, m'malo mwake munalowa dzina limodzi la ITV1. Mu 2004 Granada ndi Carlton, kampani ina yaikulu ya ITV, zinaphatikizana n'kupanga ITV plc. Mwini atakhala mmodzi, panalibenso chifukwa cholipirira olengeza ndi zizindikiro zosiyanasiyana m'mizinda khumi, makamaka pamene masiteshoni a pa setilaiti anali atachuluka ndipo woonera ankafunika dzina limodzi losavuta kulipeza.

Kwa ine chaka cha 2002 ndicho chopweteka kuposa 1988, chifukwa mu 1988 anthu a kum'mawa anataya chithunzi chimene ankachikonda, pamene mu 2002 anataya kampani imene inkatha kusankha yokha nkhope yake.

Dzinalo latsala pa nkhani chifukwa chiphaso cha chigawocho chikadalipo, ndipo bungwe la Ofcom, loyang'anira zoulutsa mawu ku Britain, limalamula kuti mwini wake aziulutsa nkhani za m'deralo. Nchifukwa chake kuyambira January 2013 pulogalamu imene mumaonera madzulo imatchedwa ITV News Anglia, ndipo imakonzedwabe ku Norwich m'magawo awiri, la kum'mawa ndi la kumadzulo. Inu a ku Peterborough muli m'gawo la kumadzulo pamodzi ndi a ku Cambridge, Northampton ndi Luton. Mukadzakhalanso ndi agogo aja, afunseni za About Anglia, pulogalamu ya nkhani imene inkaulutsidwa kuyambira 1960 mpaka 1990, chifukwa ambiri a iwo msilikaliyo ankamuona madzulo alionse akudikira imeneyo.