Ofesi ya mwana ikhale mtawuni kapena ku Chibavi konko?

Mayi ena a ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, andilembera kuti mtsikana wawo wamaliza dipuloma ya akawunti ya ICAM (bungwe la akatswiri a akawunti m'Malawi), ntchito sikuoneka, nde akufuna atsegule kaofesi kothandiza amabizinesi kusunga mabuku ndi kulipira msonkho. Mwanayo waumirira zoti ofesi ikhale mtawuni, mayi akuti lendi yake ndi yoopsa, bwanji angoyambira pachipinda chakumaso kwa nyumba.

Mayi, mwana wanuyo sakulota ayi, waona chinthu chenicheni. Tsiku lina mukamayenda mu Orton Chirwa Avenue mudzakweze maso muwerenge zikwangwani za m'mwamba mwa mashopu, mupeza maloya, a inshuwalansi, a akawunti, onse aunjikana pamodzimodzi. Loya amafuna athamangire kukhoti wapansi, adutse kubanki, abwerere kuofesi kasitomala asanatope kudikira. Wa akawunti nayenso MRA, mabanki ndi khonsolo amazifuna pafupi. Ku Blantyre ndi chimodzimodzi, makampani otere anadzazana cha ku Victoria Avenue kutsatira malikulu a mabanki, ndipo ku Lilongwe chisamukire likulu mu 1975 ma consultant ambiri amakhamukira ku City Centre pafupi ndi Capital Hill chifukwa maunduna ali konko.

Palinso nkhani ya chikhulupiriro, ndipo iyi ndimaitenga mwakuya. Tomato umamuona pabenchi, umamugwira, kenako ugula. Koma ntchito ya akawunti suioneka, munthu akupereka zinsinsi za ndalama zake kwa mlendo, nde amayang'ana pakhomo pomwe walowapo kuti mtima ukhale pansi.

Koma funso ndi ili, makasitomala oyamba a mtsikanayu ndi ndani? Si mabungwe akuluakulu ngati Mzuzu Coffee, amenewo amafuna ma auditor, anthu ofufuza ngati mabuku a ndalama ali olondola, ndipo odita amayenera kukhala chartered, kutanthauza wokhoza mayeso apamwamba a akawunti, komanso ndi chiphaso chogwirira ntchitoyo, dipuloma payokha siifika pamenepo. Ake ndi a hadiweya, masukulu a pulayiveti a ku Chiputula ndi Zolozolo, magalaja a ku Luwinga, eni maminibasi. Anthu amenewa sasiya kauntala kuti akakwere masitepe mtawuni. Ine ndinaonapo mnyamata wina yemwe ndinkamulangiza atakhala pa kireti kuseri kwa kauntala ya shopu ya simenti, laputopu pamiyendo, mwini shopu akumutulutsira malisiti a miyezi ingapo m'jumbo, ena onyowa ndi mvula ya kuno ija, uku akugulitsa misomali. Kasitomala ameneyo kuofesi kwa mnyamatayo sanapondeko olo kamodzi, koma mwezi uliwonse ankalipira.

Komanso masiku ano ma return (mafomu a msonkho) ambiri akutumizidwa pa intaneti kudzera pa Msonkho Online ya MRA, kotero zoti ukhale moyandikana ndi MRA sizikukakamiza ngati kale.

Nde ine ndikuti ndalama ya lendiyo igule laputopu yabwino, pulinta, bandulo ya intaneti, kasola kapena batire la nthawi yomwe magetsi athima, ina itsale ya kabaza yoyendera makasitomala. Alembetse dzina la bizinesi, atenge nambala ya wolipira msonkho ku MRA, apite kukhonsolo akafunse za layisensi, asamagwire mobisala. Makasitomala akachuluka mpaka lendi nkumatuluka mwa iwo, osati m'thumba mwanu mayi, apo alowe mtawuni, ndipo olo pamenepo asatenge chipinda yekha. Agawane ndi wina, kaya ejenti wa inshuwalansi kaya wojambula mapulani a nyumba, chipinda cha pamwamba poti pansi pamakhala podula chifukwa amashopu amalimbirana anthu odutsa. Ubwino wake amapatsirana makasitomala, wobwera kudzadula inshuwalansi ya lole mawa lake afunsa za msonkho.

Mayeso a ICAM asawasiye, apitilize mpaka pamwamba.

Chimodzi chokha ndikupempheni mayi, poti chipindacho chili panyumba panu. Mafayilo a anthu asamakhale pathebulo pomwe ana akulemba homuweki kapena alendo akumwa tiyi, mugulireni kabati yokhoma, kiyi azisunga yekha. Ndipo kasitomala watsopano yemwe simukumudziwa azikakumana naye kushopu kwake masana, asamabwere kunyumba.