Mawu a Chingerezi Amabwera M'mabanja: Yankho kwa Mayi a ku Luchenza

Mayi ena a ku Luchenza alemba kuti mwana wawo wamkazi, yemwe ali Fomu 3, amaloweza mawu makumi awiri a Chingerezi usiku uliwonse, koma pofika Lachisanu amakhala atawaiwala onse. Akufunsa ngati kuli bwino kumugulira dikishonale yaikulu.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa MANEB sipereka satifiketi ya MSCE kwa wophunzira amene walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza bwanji masamu. Komabe ndalama zanuzo sungani, dikishonale ya kusukulu ndi yokwanira. Chikumuvuta mtsikanayu ndi chakuti akutola mawu limodzilimodzi ngati mtedza wotayikira m'njira, pomwe mawu ambiri a Chingerezi ali pachibale ndipo amaloweka mosavuta munthu akadziwa kholo lawo.

Titenge tsinde lakuti "port", lochokera ku mneni wa Chilatini "portare", kutanthauza kunyamula. Mnyamata amene amasenzera alendo katundu pokwera phiri la Mulanje amatchedwa "porter". Tiyi wa ku Thyolo akamapita kunja kwa dziko amati "export", pakuti "ex" ndi kunja, pamene feteleza wolowa m'dziko muno ndi "import", ndipo lole yonyamula zonsezi ikugwira ntchito ya "transport", popeza "trans" ndi kuwoloka. Wailesi ya "portable" ndi yonyamulika. Ngakhale "report" yomwe mumailandira kumapeto kwa teremu ndi nkhani imene yanyamulidwa kubwera nayo kwa inu. Mawu otere ndi ochuluka chifukwa mu 1066 Anomani, omwe ankayankhula Chifalansa, analanda dziko la England, ndipo Chifalansacho, chomwe ndi mwana wa Chilatini, chinakhala chiyankhulo cha kunyumba yachifumu ndi m'makhoti kwa zaka zambiri.

Mtsikanayu asamale, komabe, chifukwa si onse ofanana nkhope amene ali pachibale. "Portrait" alibe ubale ndi kunyamula, anachokera ku mneni wa Chifalansa wotanthauza kujambula, choncho tsinde limangomulozera njira, chiganizo ndicho chimatsimikiza.

Pa ndakatulo ndi pamene luso limeneli limaonekera bwino. Mlakatuli akalemba kuti anali "transported" ndi nyimbo, ophunzira ambiri amayamba kufunafuna basi m'ndimemo, koma wodziwa tsinde amaona kuti mtima wa mlakatuliyo ndi umene wanyamulidwa ndi chimwemwe. Muuzeni asiye mawu makumi awiri aja, atenge tsinde limodzi pa sabata, alembe m'kope abale ake onse amene angakumane nawo powerenga, ndipo liwu lililonse alipangire chiganizo chokhudza zinthu za kwanu komweko. Sabata yamawa ayambe ndi "dict", kunena.