Kwa aphunzitsi a ku Salima amene apatsidwa timu ya atsikana othamanga

Aphunzitsi, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndipo ndaseka ndekha kuno chifukwa ndi mmene zinandichitikira inenso ndendende. Mwati ahedi angokuitanani ku ofesi nkukuuzani kuti kuyambira Lolemba atsikana othamanga ndi anu, inu mumaphunzitsa Biology, chithamangireni munali ku pulaimale, sukulu ilibe thiraki ilibe nsapato, mpikisano wa ku zoni kwatsala masabata 8, ndiye muyambire pati. Ine ndili kuno ku Nkhotakota pa CDSS inayake cha kunyanja, ndakhala ndi atsikanawa zaka zingapo ndithu, sindine kochi wa mapepala ayi koma zina ndaziona ndi maso angawa, ndiye pirirani ndilemba zambiri, bandulo ikatha mumalizitsa mawa.

Anzanga ena amene ayankha funso lanuli akupatsani kale za ma drill (timasewera tophunzitsira kathamangidwe) ndi mavidiyo a pa YouTube, zonsezo nzabwino, koma vuto lanu lalikulu silikhala liwiro ayi. Ana akunyanja kuno amathamanga kale, akula akuzinda fulaye, kudumpha jingo, kusenza ndowa kuchokera kumjigo, ena amayenda ulendo wautali m'mawa uliwonse kubwera kusukulu. Vuto ndi loti tsiku loyamba abwera 40 giraundi yodzadza inu kusangalala, pofika sabata yachitatu mwatsala ndi 9, ndipo amene wasowayo amakhala yemwe uja munkamudalira pa mpikisano wa mamita 400. Mukamufunsa angokuyankhani kuti "palibe sala" uku akuyang'ana pansi. Ndiye masabata awiri oyambawa nzeru zanu zambiri zipite pofufuza chimene chimawachotsa ana pagiraundi.

Poyamba makolo. Musayambe thireningi musanakhale pansi ndi a mother group komanso a PTA, ndipo kalata yopita kunyumba ilembedwe m'Chichewa yonena masiku ndi nthawi yeniyeni yowerukira. Mtsikana akafika kunyumba kutada, madzi sanatunge, moto sanakoleze, mawa lake mayi amuletsa basi, ndipo simungawanene mayiwo chifukwa mwana amene akuyenda yekha madzulo msewu wake tikuudziwa tonse. Ife timayamba 3:30 ndipo 4:45 aliyense akhale atanyamuka, a kutali amapita awiriawiri. Mudzamvanso zonena zambiri, ine agogo ena anandipeza pamsika nkundiuza kuti mdzukulu wawo akamathamanga chonchi sadzabereka, ena amati auma thupi akhala ngati mwamuna. Musawaseke, afotokozereni modekha kuti kuthamanga sikutseka mimba ya munthu, ndipo bola mawuwo achoke pakamwa pa mayi mnzawo osati inu. Kuno tilinso ndi makolo ambiri achisilamu, ndipo ku Salima ndi chimodzimodzi, ndiye kabudula wamfupi uja musamukakamize, mwana athamange ndi thaiti yaitali kapena thirakisuti ndi mpango wake kumutu, liwiro silili mu kabudula. Mwezi wa Ramadan amene akusala musamuike pa zolemetsa, angobwera kudzaphunzira kupatsirana kamtengo ka mpikisano wolandirana ndi kanyamukidwe.

Chachiwiri inu ngati bambo sadzakuuzani olo pang'ono: mabere ndi kumwezi. Mtsikana wa Fomu 2 amene thupi layamba kusintha akamathamanga alibe bra yogwira bwino amamva kuwawa, ndiye anyamata a mpira aja akayamba kukuwa m'mbali mwa giraundi, mawa simumuonanso. Ine ndinatenga nthawi kuti ndimvetse chifukwa chimene mwana wina waliwiro zedi ankathamanga mikono atapinda pachifuwa, ndinkangomukalipira kuti gwedeza mikono iwe, kumeneko nkuti mwana akudziteteza. Ma sports bra amapezeka pa kaunjika motchipa, kandalama koyamba ka sipoti kagule zimenezo nsapato zidikire. Anyamata okuwa aja athamangitseni kapena sinthani mbali ya giraundi. Za kumwezi, mwana atha kuthamanga bwinobwino ali kumwezi ngati iye mwini akumva bwino ndipo ali ndi padi yodalirika, koma ngati m'mimba mukupota asakakamizidwe, angonong'oneza madamu basi osafunsidwa mafunso pagulu. Koma mukamva kuti mwana amene amathamanga mitunda italiitali wasiya kusamba miyezi ingapo ndipo akuonda, chimenecho si chizindikiro choti wakhwima ayi, thupi likudandaula kuti chakudya chachepa poyerekeza ndi ntchito, achepetse thireningi ndipo akaonedwe kuchipatala.

Ndiye apa ndinene mosabisa, pezani mphunzitsi wamkazi kapena matironi woti azikhala nanu tsiku lililonse. Musakhale nokha ndi mwana mmodzi, musamusisite mwendo ati mukuwongola mtsempha, musamulembere pa WhatsApp usiku olo nkhani ikhale ya thireningi, paulendo madamu akwere nawo. Izi zikuteteza ana komanso inu nomwe, mbiri ikangobuka pamudzi timu yatha tsiku lomwelo, ndipo ena mwa makolo amene amakanizawa ali ndi zifukwa zomveka chifukwa anaonapo zoipa kwa aphunzitsi ena.

Tsopano njala ndi magazi, apa mpamene ine ndinapsa napo. Chaka changa choyamba, mwezi wa October, dzuwa la kuno mukulidziwa ndi lomwelo la kwanuko, ndinawayambitsa 2 koloko masana kuzungulira giraundi ka 10 ati ndiwalimbitse mtima, mwana wina anangoti khu pansi maso atatembenuka, ine mtima unachoka ndinkangoona ntchito yatha ndi mwana wa eni ali m'manja mwanga. Tinamutengera pamthunzi kumuthira madzi nkuthamangira naye kuchipatala pa kabaza, kukapezeka kuti magazi ndi ochepa kwambiri, anali ndi likodzo lomwe sananene kwa aliyense, komanso tsiku limenelo chidzukireni sanalawe kanthu. Mwana ameneyo ine ndinkamutcha waulesi, mpaka lero ndikakumbuka manyazi amandigwira. Inu a Biology mukudziwa bwino kuposa ine kuti magazi akachepa mpweya sufika mokwanira m'minofu, ndipo kunyanja kuno tili ndi mbava zitatu za magazi, malungo, likodzo ndi msambo. Mwana amene akupuma wefuwefu msanga kuposa anzake, chizungulire pafupipafupi, m'zikope ndi m'manja moyera, akayezetse. Mankhwala a likodzo akamagawidwa kusukulu onetsetsani kuti othamanga anu amwa atadya kaye. Amene wangochira malungo asabwerere pa liwiro tsiku lomwelo, ayambe pang'onopang'ono.

Chakudya musawauze za m'mabuku zoti sangazipeze. Usipa wodya ndi mutu womwe, nyemba, mtedza, bonongwe, chisoso, chigwada, nkhwani wotendera, zonsezi zilipo kale pakhomo. Kuno ambiri ndi a kondowole, amakhutitsa ndithu koma payekha samanga thupi, ndiye ndiwo ndi zimene muzilimbikira. Ife aliyense amabwera ndi kambatata kapena chinangwa chophika kapena nthochi kudya akangoweruka, ndi botolo la madzi lake, wopanda botolo sathamanga. Tsiku lotentha kwambiri Thanzi ORS mmodzi mu lita imodzi ya madzi amathandiza amene watuluka thukuta kwambiri. Zakumwa za ma energy zija ayi.

Za thiraki musadandaule, ya mamita 400 yeniyeni siikwana pa magiraundi athu ambiri, pangani ya 200 mkati mwa giraundi ya mpira. Khomani zikhomo ziwiri zotalikirana mamita 50, mangani chingwe cha mamita 15.9 pa chikhomo chilichonse nkujambula theka la bwalo mbali iyi ndi mbali inayo, kenako lumikizani ndi mizere iwiri yowongoka, basi mwapeza 50 kuphatikiza 50 kuphatikiza makona awiri a 50, tepi mubwereke kwa a Agriculture kapena kwa mmisiri womanga. Mizere ndi laimu, akasowa phulusa limagwira. Leni imodzi, kanjira ka wothamanga mmodzi, ndi mamita 1.22 mulifupi, ndipo kumbukirani kuti wa leni yakunja akazungulira makona onse awiri amathamanga mamita oposa 7 kuposa mnzake wamkati, nchifukwa chake pa 200 ndi 400 amaima motsogozana. Afotokozereni zimenezi, anga ulendo woyamba ankaona ngati aberedwa, wina mpaka anafuna kulira pa mzere kkkk. Tsiku loyamba onse ayende mondondozana kutola minga, magalasi ndi zitsekerero za mabotolo chifukwa ambiri athamanga opanda nsapato, ndipo mwana amene anazolowera phazi lake musamuveke nsapato yobwereka tsiku la mpikisano, matuza ake simuwaiwala.

Thireningi yeniyeni masiku 4 pa sabata akwana, tsiku lolemetsa lizitsatidwa ndi lopepuka. Tsiku lililonse kuyamba ndi kuthamanga pang'onopang'ono mphindi 10, kenako kukweza mawondo, kumenya zidendene kumbuyo, kudumphadumpha, thupi litenthe kaye. Sabata yoyamba musagawe kuti uyu ndi wa 100 uyu wa 1500, aliyense alawe zonse inu muzilemba nthawi mu kope ndi sitopuwotchi ya pafoni, mudzadabwa kuti kamtsikana kachete kaja komwe kanali komaliza pa 100 ndi komwe sikatopa pa 1500. A liwiro lalifupi azithamanga mamita 30 mpaka 60 ndi mphamvu zonse ka 5 kapena ka 6, koma pakati apume mokwanira mphindi 2 kapena 3, aphunzitsi ambiri amaona ngati kupuma ndi ulesi ndiye amangowapanikiza mpaka ana akukwawa, pamenepo mukuphunzitsa kutopa osati liwiro. A 800 ndi 1500 masiku ambiri azithamanga mphindi 20 mpaka 30 pa liwiro loti atha kucheza ndi mnzawo, kamodzi pa sabata muwaimbire wezulo, mphindi imodzi mwamphamvu ziwiri pang'onopang'ono, mobwereza. Osawatulutsa pa M5, magalimoto ake ndi njinga zamoto sizionera mwana.

Mchenga wa kunyanja ndi mphatso imene a ku Lilongwe alibe, umalimbitsa miyendo osapweteka mawondo, koma kamodzi pa sabata basi ndipo timitunda tatifupi, mukachulutsa akatumba ndi akakolo ayamba kudandaula. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi, mukapita nawo kumeneko mudzaona nokha kuti sankanama, wotsalira poyamba sapezanso anzake. Ndipo akamaliza asalowe m'madzi osayenda a m'mabango muja, likodzo lija tingalitengenso konko. Mwana akati msongolo ukuwawa malo amodzi ndipo ukagwira akudumpha, apume, musamuuze kuti alimbe mtima.

Kumene mungapeze mapointi mosavuta ndi pa relay ya 4x100, pamene ana anayi amathamanga mamita 100 aliyense akupatsirana kamtengo, chifukwa masukulu ambiri amangosonkhanitsa ana anayi aliwiro m'mawa wa tsiku lomwelo ndiye kamtengo kamagwa kapena wolandira amachita kuima chilili kudikira. Dulani nsungwi kapena paipi ya pulasitiki masentimita 30, malo opatsirana ndi mamita 30, woyamba agwire kumanja apereke kumanzere kwa wachiwiri, iye apereke kumanja kwa wachitatu, womaliza alandire kumanzere, osasintha dzanja pakati panjira. Wolandira aike chizindikiro pansi, mnzake akangochiponda iye anyamuke osacheukanso, dzanja atulutse pokhapokha wamva mnzake wakuwa. Mphindi 15 tsiku lililonse, anthu omwewo mundondomeko yomweyo, ana anayi apakatikati amaposa akatswiri anayi osazolowerana, ine ndaziona kangapo. Aphunzitseninso mawu a woyambitsa, pa 100, 200 ndi 400 amati on your marks kenako set kenako mfuti kapena wezulo, pa 800 kupita m'mwamba set palibe, ndipo malamulo a masiku ano ukanyamuka msanga kamodzi kokha watuluka.

Pena muziwauzako za anzawo amene anafika patali, ana athuwa amadziwa osewera mpira okhaokha. Catherine Chikwakwa anatenga mendulo ya siliva pa 5000m pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto ku Italy mu 2004. Asimenye Simwaka ndi wa mpira wa miyendo yemwe wasewerapo Scorchers, koma anakathamanga 100m ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021 ndipo mu 2022 anafika mu fainolo ya 400m pa Commonwealth Games ku Birmingham, ndiye pitani mukaone atsikana a netball ndi a mpira pasukulu panupo, mwina wanu wa 400 ali kumeneko akungotha mphamvu pa wing. Anga ndikawaonetsa zithunzi za thiraki ya pa Bingu National Stadium, pamene panachitikira masewera a achinyamata a maiko a kumwera kwa Africa otchedwa Region 5 mu December 2022, sabata imeneyo palibe amajomba.

Zina ziwiri mwachangu. A Fomu 4 teremu yomaliza musawadalire, MSCE ili pakhomo ndipo makolo akaona magiredi atsika mlandu ugwera kuthamanga, mangani timu pa Fomu 1 ndi Fomu 3. Komanso musabere zaka kapena kubwereka mwana wa sukulu ina olo anzanu akuchita, ana amaona. Aphunzitsi amene amayendetsa za MASSA, bungwe la masewera a m'masukulu, ku zoni kwanuko muwafunse msanga mitunda imene idzakhalepo ndi chiwerengero cha ana pa mtunda uliwonse kuti musakonzekere zinthu zoti kulibe.

Sabata yomaliza chepetsani zonse ndi theka, miyendo ipume, palibe chimene mungawonjezere m'masiku asanu koma kuwononga kokha. Tsiku la mpikisano pulogalamu imachedwa nthawi zonse, mwana woti athamanga 10 koloko amathamanga 2 koloko, ndiye nyamulani chigubu cha madzi, nthochi, mbatata, mapadi apadera, mapini, bandeji ndi zitenje ziwiri zitatu zotchingira posintha zovala komanso zopangira mthunzi, ndipo muwaletse mandasi ndi mafiriziti a pageti mpaka atathamanga. Za kudumpha ndi kuponya nthungo mukafuna mufunsenso pansipa ndidzalemba padera, panopa ndikaone kaye mpunga ndasiya pamoto.