Yankho kwa adokotala a ku Nsanje pa za inshuwalansi ya ulumali

Achemwali, mwafunsa ngati inshuwalansi ya kuntchito ingakukwanireni mutavulala n'kulephera udokotala. Ine ndikuti musadalire imeneyo yokha. Ya moyo, imene lamulo la penshoni limalamula olemba ntchito kugulira antchito awo, imalipira banja mukamwalira. Chipukuta misozi cha lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 n'cha ngozi ndi matenda obwera chifukwa cha ntchito. Nanga minibasi itagubuduka pa Thabwa mukuchokera kokaona ana ku Blantyre?

Pogula yanuyanu, funsitsitsani kuti ulumali akutanthauza chiyani. Makampani ena amalipira pokhapokha mukalephera ntchito ina iliyonse. Inu mukufunika yolipira mukalephera ntchito yanu yeniyeniyo, chifukwa dzanja likayamba kunjenjemera simungachite opaleshoni, ngakhale kuphunzitsa mungathe.

Za uchembere ndiye zimandikhudza kwambiri. Mapangano ena sawerengera mavuto a pakati, makamaka mukalembetsa muli oyembekezera kale, choncho lembetsani thupi likadali bwino. Matenda amene muli nawo, kaya BP kaya shuga, auleni onse. Mukabisa, adzakana kulipira. Funsaninso kuti mudzadikira miyezi ingati ndalama zisanayambe kubwera, ndipo kampaniyo ikhale yovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi.