Kujambula chopper ikuyenda pamsewu: yankho kwa wowerenga

Wowerenga wina wandilembera kuti mkonzi wa magazini ya okonda njinga zamoto wamupempha zithunzi za chopper ya mnzake, njinga yamoto ija ya mafoloko ataliatali ndi chishalo chotsika, ikuyenda pamsewu. Pa zithunzi zomwe wajambula njingayo ikuoneka ngati yangoimikidwa, ndipo chrome yonse, zitsulo zonyezimira zija, yangoti mbee. Akufunsa pomwe palakwika.

Achimwene, palakwika pa shutter, nthawi yomwe kamera imatsegukira kuwala pojambula. Mukaika 1/1000 ya sekondi, kamera imagwira chilichonse chili duu: masipoko amawerengeka imodziimodzi, mitengo yakumbuyo ili bwinobwino, ndiye woona sangadziwe kuti njinga imayenda. Liwiro la pachithunzi mumalipanga ndinu, osati wokwerayo. Muuzeni ayende makilomita 40 kapena 50 pa ola basi. Chopper yopanda masipiring'i kumbuyo imanjanja ikathamanga, ndipo palibe chifukwa choika moyo wa munthu ndi njinga yomwe yamudyera miyezi pachiswe.

Inu imani pambali pa msewu ndi lenzi ya 70-200mm, mamita 15 kapena 20 kuchokera pomwe njinga idutse. Yambani ndi shutter ya 1/125, dzanja likazolowera tsikirani pa 1/80, kenako 1/60. Mapazi aloze pomwe mukufuna kujambulira. Zigongono zikanikize nthiti, ndipo muzitembenuka ndi chiuno, osati manja. Igwireni njinga ikadali kutali, muziitsata pa liwiro lake, dinani ikafika patsogolo panu, ndipo musaime mutadina: pitirizani kuitsata mpaka itadutsa. Ambiri amaima pomwe adinira, n'chifukwa chake njinga imatuluka yosaoneka bwino. Focus ikhale yotsata chinthu choyenda, yomwe pa Canon imatchedwa AI Servo, pa Nikon ndi Sony AF-C, ndipo muiloze pa thanki kapena pa injini. Ngati lenzi yanu ili ndi stabilizer, chochepetsa kunjenjemera kwa chithunzi, ya mode 2, ikani pamenepo. Mode 1 imalimbana ndi kutembenuka kwanuko. Musakhumudwe zambiri zikawonongeka, ntchitoyi ndi yotero. Yesererani pa akabaza odutsa mumsewu tsiku lenilenilo lisanafike.

Kumbuyo kukhale zinthu: mitengo, mpanda, nyumba. Ndi zimenezo zimasanduka mizere yoonetsa kuthamanga. Thambo lopanda kanthu silisonyeza kuyenda kulikonse. Ndiponso gwadani, kamera ifike pa msinkhu wa thanki kapena kutsikirapo. Njinga yotsika ikajambulidwa ndi munthu woimirira imaoneka yaing'ono, mafoloko ake afupika.

Za chrome tsopano. Chrome ndi kalilole, imaonetsa zomwe zili patsogolo pake, ndipo masana imaonetsa dzuwa lenilenilo. Jambulani m'mawa dzuwa likungotuluka, madzulo likupendeka, kapena tsiku la mitambo. Yatsani chenjezo la kamera losonyeza malo oyereratu, likamaphethira pa mapaipi a utsi chepetsani kuwala ndi sitepe ya -0.7 kapena -1. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo yosunga zonse zomwe kamera yagwira, kuti mithunzi mudzaikweze pa kompyuta. Polarizer, galasi loika kutsogolo kwa lenzi, imachotsa kunyezimira pa penti ya thanki, mtundu n'kutuluka bwino, koma pa chitsulo chopanda penti sichita zambiri. Phindu lake lina ndi loti imadula kuwala, zomwe zimakuthandizani kufika pa 1/60 osakakamiza lenzi kutseka bowo lake mpaka f/22. Kukawala kwambiri, galasi lodula kuwala la ND la masitepe 3 ndilo loyenera. Inunso valani zakuda, malaya ofiira adzaonekera pa injini.

Mbali yoyenera kuiganizira: pa Harley-Davidson zambiri mapaipi a utsi ndi chosefera mpweya zili kumanja, ndiye wokwera adutse moonetsa mbali imeneyo. Komabe funsani amene anaimanga chomwe amanyadira nacho. Owerenga magazini yotere amayang'ana mawotcheredwe ndi penti, ndipo adzaona ngati mwabisa ntchito yeniyeni.

Akafuna chithunzi cha kutsogolo njinga ikubwera, kwerani kumbuyo kwa galimoto yotseguka mutamangidwa lamba, kamera itamangidwanso, pa msewu wopanda magalimoto ena ndipo mutapempha chilolezo. Galimoto ndi njinga ziyende liwiro limodzi, lenzi ya 24-70mm, shutter 1/60. Gwirizanani zizindikiro za manja musananyamuke, pakuti injini ikalira simumvananso. Wokwera avale helimeti.

Funsaninso mkonzi komwe chithunzi chikakhale. Cha pachikuto chikhale choimirira, ndi malo pamwamba oika dzina la magazini. Chodzaza masamba awiri chisaike nkhope ya wokwera kapena injini pakati penipeni, pomwe magazini imapindikira. Tsamba la A4 pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi) limafuna mapikiselo 2480 ndi 3508, n'kuwonjezerapo mamilimita 3 mbali zonse omwe amadulidwa posindikiza, ndiye siyani mpata kutsogolo kwa tayala, musaipanikize njinga m'mphepete.