Kodi bufeni angachize chiseyeye?

Funso: Adokotala, ndine bambo wa zaka 46. Nkhama zanga zimatupa, ndipo ndikamatsuka mano mswachi umafiira ndi magazi. Mano awiri akutsogolo ayamba kugwedera. Ndikamwa bufeni kutupako kumaphwa. Kodi ndizingomwa tsiku ndi tsiku?

Yankho: Ayi bambo, musatero, ngakhale kuti zimene mwaonazo n'zoona. Tizilombo ndi timene timayambitsa chiseyeye, koma chimene chimadya fupa logwira dzino ndi thupi lanu lomwe. Litsiro likaundana n'kuuma ngati mwala kunsi kwa nkhama, thupi polimbana nalo limatulutsa timadzi totchedwa MMP, ndipo timadziti timadula ulusi umene umamangirira dzino ku nsagwada. N'chifukwa chake madokotala anafunafuna mankhwala oziziritsa mkwiyo wa thupiwo.

Mankhwala a gulu la bufeni amachedwetsadi kudyeka kwa fupa, koma mukangosiya vuto limabwerera. Kuwamwa miyezi yambiri kumabweretsa zilonda zam'mimba ndi kuwononga impso.

Amene anavomerezedwa pa ntchitoyi ndi doxycycline wa 20 mg, amene ku America anamulola mu 1998 pa dzina lakuti Periostat. Amamwedwa kawiri pa tsiku, ola limodzi musanadye, kwa miyezi 3 mpaka 9. Mlingo wochepawu supha tizilombo, umangoletsa timadzi tija kugwira ntchito. Kapisozi wa 100 mg wa m'mafamase ndi nkhani ina. Ameneyo ndi wopha tizilombo, ndipo kumumwa nthawi yaitali chonchi kumachititsa kuti tizilombo tisiye kumva mankhwala. Chonde musamutsegule kuti mugawe ufa wake. Doxycycline si wa amayi oyembekezera kapena ana aang'ono, ndipo mukamumwera pamodzi ndi mkaka kapena mapiritsi owonjezera magazi salowa bwino m'thupi.

Chimene ndikufuna mumvetsetse n'chakuti paokha mankhwalawa sathandiza ngati mwala uja ukadali pa muzu wa dzino. Dokotala wa mano amayamba wayeza kuya kwa mpata wapakati pa dzino ndi nkhama. Ukafika mamilimita 4 kapena kuposa, amapala litsirolo mpaka ku muzu, kenako n'kuona ngati mankhwala akufunika.

Popeza mano ayamba kale kugwedera, pitani sabata yomwe ino. Mukayezetsenso shuga, pakuti akakwera nkhama zimachedwa kupola. Ngati mumasuta fodya mukamuuze dokotalayo, chifukwa fodya amabisa kutuluka kwa magazi pamene fupa likudyekabe.